PA MAFUWA PATHU: Ndiwo za Malichi Zidikire Okutobala

Takumananso pa tsamba lathu lino m'mwezi wa Malichi, pamene minda yabiriŵira, maungu ayamba kukhwima, ndipo ana akuotcha mondokwa madzulo ali onse.

Masabata apitawo tinakacheza ku mpingo wina wa kumudzi. Titatuluka m'mapemphero, mai wina wachikulire wa Chigwirizano anatitengera kunyumba kwake kuti tikamwe madzi. Anatiyalira mphasa pakhonde, natisambitsa m'manja, nabwera ndi nsima yotentha pamodzi ndi mbale ya ndiwo. Asanavundukule mbaleyo anagwada nayamba kupepesa, nati, "Pepani alendo athu, mwatipeza tilibe ndiwo. Tangothyola zakutchirezi." Povundukula tinapeza chisoso chotendera, chophikidwa mwaluso, nsinjiro zake zopsa bwino ndi mchere wa pa muyeso. Nsima inatha ife tikufunabe. Koma mwini nyumba sanakhulupirire kuyamika kwathu. Anayesa kuti tikungomsangalatsa monga achitira alendo aulemu.

Tisanatsazike tinamfunsa ngati wayamba kufutsa. Anaseka pang'ono, natiuza kuti iye yekha ndiye watsala nayo ntchito imeneyi pamudzipo, pakuti atsikana a makono amati mfutso ndi ndiwo za agogo. Njira yonse pobwerera tinayenda tikusinkhasinkha zinthu ziŵirizi, manyazi a mai uja ndi kunyoza kwa atsikanawo, ndipo tinaona kuti muzu wake ndi umodzi. Tayamba kupeputsa chakudya chimene Mulungu amameretsa pakhomo pathu, ndipo chimene munthu wachipeputsa sachiphika mosamala, ndiponso sachisunga. Nkhani yathu mwezi uno ndi imeneyi.

NJALA ZIŴIRI ZA PA CHAKA

Tikayang'ana bwino chaka chathu, tiona kuti chili ndi njala ziŵiri. Yoyamba ndi njala ya nsima, imene imafika m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitapepuka ndipo chimanga cha kumunda chisanakhwime. Imeneyi tonse timaidziŵa ndi kuiopa. Yachiŵiri ndi njala ya ndiwo, imene imadza mwakachetechete m'miyezi ya Sepitembala, Okutobala ndi Novembala. Pa nthaŵi imeneyo chimanga chimakhalamo m'nkhokwe, koma tchire lapsa, minda yauma, madzi a m'madimba achepa, ndipo banja lopanda dimba kapena ndalama limadya nsima ndi madzi a mchere, kapena tiusipa tiŵiri togaŵana anthu asanu ndi mmodzi. Njala yachiŵiriyi sitiitcha njala, popeza mimba imakhuta. Koma thupi la mwana limaidziŵa.

Kalembera wa zaumoyo amene anachitika m'dziko muno m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 100 ali onse osakwana zaka zisanu, ana 37 anali opinimbira, ndiye kuti msinkhu wao unali wochepa poyerekeza ndi zaka zao. Zoyambitsa kupinimbira nzambiri, matenda ndi umphaŵi zili pomwepo, koma chimodzi mwa izo ndicho kudya chakudya cha mtundu umodzi tsiku ndi tsiku. Ana ameneŵa sali kutali nafe ai. Ndi omwe aja amakhala kutsogolo pa Sande Sukulu.

Tsono taonani nzeru ya Mlengi. Nthaŵi imene nsima imachepa ndiyo nthaŵi imene ndiwo zimachuluka koposa mmene tingathe kudyera. Zimamera zokha m'mizere, m'mbali mwa khola ndi pa chulu, ndipo zambiri timazizula pamodzi ndi udzu popalira. M'buku la Genesis mutu 41 timaŵerenga za Yosefe, amene analangiza Farao kuti pa zaka zisanu ndi ziŵiri za dzinthu asonkhanitse gawo limodzi mwa magawo asanu a zokolola, kuti dziko lidzapulumuke pa zaka zisanu ndi ziŵiri za njala. Yosefe anachita kumasulira maloto kuti adziŵe zimenezi. Ife sitifunika maloto, pakuti chaka chili chonse Okutobala amabwera pa nthaŵi yake. Agogo athu ankasimba za njala ya 1949, ambiri a ife tikukumbukira ya 2002, ndipo m'mwezi wa Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino agwa m'ngozi chifukwa cha chilala. Zazikulu zoterezi mai mmodzi sangaziletse. Koma njala ya ndiwo ya chaka ndi chaka, imeneyo ili m'manja mwake, ndipo ntchito yoiletsa imayamba mwezi uno.

CHUMA CHA M'MIZERE

Tiyeni titchule maina a chuma chimene tili nacho. Pali nkhwani ndi chiluŵe chake, khwanya, chitambe, kholowa ndi chigwada, zimene ndi masamba a mbeu zomwe tinabzala kale, kotero kuti munda umodzi umatipatsa zokolola ziŵiri. Palinso zomera zokha: bonongwe, chisoso, luni, denje, chewe ndi mitundu ina ya therere. Mlendo wina, mai Jessie Williamson, amene anagwira nawo ntchito yofufuza za kadyedwe ka anthu m'midzi ya dziko lino kuyambira m'chaka cha 1938, anachita chidwi ndi zomera zimenezi, nalemba maina ake ndi ntchito zake m'buku lotchedwa Useful Plants of Nyasaland, limene linatuluka m'chaka cha 1955. Zambiri za m'bukumo anaziphunzira kwa amai a m'midzi, agogo athu omwe. Nzomvetsa chisoni kuti zimene mlendo anaziona zoyenera kulemba m'buku, ife eni ake tikuzipepesera pamaso pa alendo.

Azaumoyo amatiuza kuti masamba obiriŵira kwambiri, monga bonongwe, luni, nkhwani ndi chisoso, ali ndi zinthu zimene thupi limasandutsa vitamini A, amene amateteza maso ndi kuthandiza thupi kulimbana ndi matenda. Alinso ndi ayironi wothandiza kupanga magazi, chinthu chofunika kwambiri kwa amai oyembekezera. Kabichi woyera uja, amene timamlemekeza pa maukwati ndi pa misonkhano, pa zinthu zimenezi amachepekera kutali poyerekeza ndi bonongwe womera kuseri kwa khola. Sitikunyoza kabichi, nayenso ndi ndiwo yabwino. Tikungoti mai asagulitse ulemu wa bonongwe chifukwa chakuti sanamlipire ndalama.

Alangizi a zaumoyo amaphunzitsa kuti tsiku lili lonse banja lidye kuchokera m'magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa monga nsima, mbatata ndi chinangwa, za m'gulu la nyemba monga khobwe, nandolo, nzama, soya ndi mtedza, zochokera ku nyama monga nsomba, mazira, mkaka ndi ngumbi, ndiwo zamasamba, zipatso, ndi mafuta. Ena akamva zimenezi amati ndi kadyedwe ka anthu olemera. Koma taŵerengani mbale ya mai uja wa chisoso: nsima ndi gulu limodzi, chisoso ndi lachiŵiri, nsinjiro ndi lachitatu, ndipo m'nsinjiromo mulinso mafuta. Akanaponyamo tiusipa pang'ono, natipatsa gwafa mmodzi mmodzi pomaliza, magulu onse akanakwana popanda kupita kusitolo.

KAPHIKIDWE KOSATAYA MPHAMVU YA NDIWO

Ndiwo yabwino ikhoza kuonongeka mumphika. Pofuna kuonetsa zimenezi titenge nkhwani wotendera, amene ali yense amati amadziŵa kuphika. Thyolani nsonga zanthete m'maŵa dzuŵa lisanakwere, musadzule, ndipo mutsuke musanadule. Pakuti mukatsuka mutadula kale, zina zofunika zimatsalira m'madzi otsukirawo. Tenthetsani madzi pang'ono, monga kapu imodzi pa nkhwani wodzaza manja anai, muthiremo mchere, ndipo muike nkhwani madziwo ataŵira kale. Vundikirani, ndipo pakapita mphindi zisanu ikani tomato muŵiri woduladula, ndi nsinjiro theka la kapu pamwamba pake. Musafulumire kutakasa, lolani nthunzi iyambe yaloŵa m'nsinjiromo, kenaka muvundule ndi mthiko, muchepetse moto, ndipo zipse pang'onopang'ono mphindi khumi kufikira fungo la mtedza wauŵisi litatha. Ngati muli ndi chiluŵe kapena tiana ta maungu tanthete, ikani pamodzi ndi masambawo. Madzi otsala mumphika asatayidwe; amenewo ndiwo msuzi wa ana.

Nsinjiro sizingokometsa chabe. Vitamini A wa m'masamba amaloŵa bwino m'thupi akapeza mafuta, chotero agogo amene anayamba kutendera ndiwo anachita chinthu chimene asing'anga a chizungu anadzachifotokoza pambuyo pake. Ngati mtedza palibe, kasupuni ka mafuta ophikira kagwira ntchito yomweyo, ngakhalenso nthanga za maungu zokazinga ndi kusinja.

Tinenepo za soda ndi chidulo. Tikudziŵa kuti pano tikukhudza chizoloŵezi chokondedwa, ndipo therere lopanda chidulo ambiri sangalitche therere. Koma soda amapha vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B amene ali m'masamba. Chotero pa therere ikani pang'ono pokha, ndipo pa nkhwani, bonongwe ndi chitambe chanthete musaike konse, pakuti masamba anthete amafeŵa okha. Amene amafuna soda ndi masamba okalamba, ndipo mankhwala ake ndi kuthyola msanga. Luni akakuŵaŵirani, msakanizeni ndi bonongwe kapena nkhwani, ndipo ana adzamzoloŵera pang'onopang'ono.

Pali ndiwo ziŵiri zofuna chenjezo. Chigwada chili ndi ululu wa mtundu womwe uja uli m'chinangwa choŵaŵa. Chiyenera kusinjidwa bwino mumtondo ndi kuŵira nthaŵi yaitali mphika uli wosavundikira, kuti ululuwo utuluke ndi nthunzi. Apa lamulo lathu la kuphika mofulumira siligwira ntchito. Chachiŵiri ndi bowa. Nyengo ya mvula siipita osamva za banja limene ladwala kapena kutaya ana chifukwa cha bowa woipa, ndipo kuphika sikuchotsa ululu wa mitundu yoopsa ija. Musatume ana okha kokazula bowa, ndipo mtundu umene simuudziŵa bwino usiyeni kutchire komweko. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Tisaiŵale maungu ndi mbatata. Dzungu lachikasu kwambiri m'kati lili ndi vitamini A wambiri, ndipo likapsa ndi kupotedwa m'phala la mgaiwa pamodzi ndi supuni ya nsinjiro, limakhala chakudya chabwino cha mwana amene wapyola miyezi isanu ndi umodzi. Chimodzimodzinso mbatata yofiira m'kati, imene alangizi akhala akufalitsa m'dziko muno, ya maina okoma monga Zondeni, Kadyaubwerere ndi Anaakwanire. Futali wa mbatata yotere, wotenderedwa bwino, amamsunga mwana wa sukulu kuyambira m'maŵa kufikira poŵeruka.

ZA MTEDZA WOSINJA

Popeza tatamanda nsinjiro, tiyenera kunenanso za ngozi yake, makamaka pamene nthaŵi yokumba mtedza yayandikira. Mtedza wosauma bwino umachita chuku, ndipo chuku china chimatulutsa ululu wotchedwa aflatoxin. Ululu umenewu unadziŵika m'chaka cha 1960, pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wachuku. Mwa anthu umaononga chiŵindi pang'onopang'ono, ndipo suchoka ndi kuphika kapena kukazinga.

Tsono pali chizoloŵezi chimene tachiona m'makomo ambiri, ndipo tikuchidzudzula poyera. Mtedza wabwino, waukulu ndi wosalala, timausankha kukagulitsa. Wonyala, wobooka ndi wothimbirira timausunga kuti ndiwo wosinja. Potero timagulitsa moyo ndi kusungira ana athu matenda. Mtedza wa nsinjiro za pakhomo ukhale wosankhidwa kuposa wa kumsika. Uume bwino usanaloŵe m'thumba, usanyowetsedwe ndi madzi pofuna kuti usavute kusenda, ndipo wachuku utayidwe. Sinjani nsinjiro zokwanira masiku oŵerengeka okha, pakuti zikakhalitsa zimaonongeka.

KUFUTSA

Tafika pa mtima wa nkhani yathu. Kuyambira kumapeto kwa mwezi uno kufikira m'mwezi wa Epulo, mvula ikayamba kudukiza ndipo dzuŵa likumaŵala masiku aŵiri kapena atatu motsatizana, ndiyo nthaŵi ya mfutso. Mukachedwa masamba amakalamba ndi kuchita maŵanga. Mukafulumira kwambiri mvula imakuolerani pa mphasa.

Zofutsika bwino ndi chitambe, khwanya, nkhwani, chisoso, luni ndi bonongwe. Sankhani masamba anthete opanda tizilombo, mutsuke, ndi kuwaika m'madzi oŵira kale okhala ndi mchere pang'ono. Apa ndi pamene ambiri timalakwa, pakuti timawasiya pamoto mpaka apse monga ndiwo zodya lero. Mphindi zitatu kapena zisanu nzokwanira. Cholinga ndi chakuti masamba afote ndi kusunga kubiriŵira kwao. Tsanulani, ndipo muyanike mopyapyala pa mphasa yoyera kapena pa malichero, pamwamba pa thandala, kumene nkhuku, agalu ndi fumbi sizifika. Dzuŵa loomba mwachindunji limaumitsa msanga, koma limachepetsa vitamini A. Chotero ngati kunja kuli kouma ndipo kamphepo kakupita, pamthunzi wopepuka monga pakhonde mpabwino koposa. Kukakhala chinyezi, yanikani padzuŵa pomwepo, pakuti kuchedwa kuuma kumabweretsa chuku. Tembenuzani kaŵirikaŵiri, loŵetsani m'nyumba madzulo mame asanagwe, ndipo mudzadziŵa kuti mfutso wauma pamene ufumbutuka pakati pa zala.

Agogo athu ankasunga mfutso m'zikwatu. Ankatenga masamba aakulu a msuku, nakulungamo mfutsowo, namanga ndi luzi, napachika kudenga la khitchini kumene utsi unkathamangitsa tizilombo. Njira imeneyi ikadali yabwino, ndipo tikupempha amai achikulire amene amaidziŵa kuti asapite nayo kumanda. Amene alibe masamba a msuku asunge mumtsuko wouma wovundikira bwino, kapena m'chitini chotsekeka, pamalo opanda chinyezi. Mfutso wosungidwa motere umafika Novembala uli bwino. Pophika, uviikeni m'madzi pang'ono kufikira ufeŵe, muuphike m'madzi omwewo, ndi kutendera monga mwa nthaŵi zonse. Tinene zoona: kuyanika kumachotsa vitamini C wambiri. Chotero pa miyezi ya mfutso ana azidya zipatso za nyengoyo, monga malambe, masau ndi mapapaya, kuti zimene zasoŵa m'ndiwo zipezeke m'chipatso.

Si masamba okha amene amasungika. Therere lobala likadulidwa mopyapyala limauma bwino, bowa wodziŵika amafutsika, ndipo maungu okhwima, othyoledwa ndi kaphesi kake ndi kuikidwa pamthunzi pansi pa nkhokwe, amakhala miyezi ingapo. Tiyeni tichite masamu a Yosefe. Mai amene amathyola ndiwo kasanu pa sabata, akapatula kuthyola kumodzi kokha kuti kukhale kwa mfutso, pofika kumapeto kwa Epulo adzakhala ndi zikwatu zingapo kudenga, ndipo banja silidzazindikira nkomwe kuti lamanidwa kanthu. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

POPITA KUMSIKA

Oŵerenga athu a m'tauni angati nkhaniyi si yao, popeza munda wao ndi msika. Koma msika nawonso umatsata nyengo. Amene anaimapo pa Lizulu m'boma la Ntcheu, pa Bembeke m'boma la Dedza, pa Jenda ku Mzimba kapena pa Bvumbwe ku Thyolo, amadziŵa kuti milu ya m'mbali mwa mseu imasintha mwezi ndi mwezi. Mango, masuku ndi bowa ndi za Disembala ndi Januwale. Mondokwa, maungu, zipwete, mapeyala ndi magwafa ndi za miyezi ino. Kukayamba kuzizira kumabwera mbatata, mtedza watsopano, malalanje ndi manachesi a ku Mwanza, ndipo pambuyo pake masau, malambe, nandolo ndi ndiwo za kudimba monga mpiru, repu ndi chayinizi. Lamulo la mai wanzeru ndi lapafupi: agule chimene chadzaza msika, pakuti chimenecho ndicho chotsika mtengo, chatsopano ndiponso chokoma. Asachoke kunyumba atatsimikiza kale za ndiwo imene akaphike. Ayambe wazungulira msika, ndipo msikawo umuuze.

Mai wa m'tauni nayenso akhoza kufutsa. Mwezi uno milu ya nkhwani ndi chitambe ndi yaikulu, ndipo lichero limakwana pakhonde la nyumba ya lendi. Palinso kusunga kobwerera m'mbuyo. Tomato amavuta m'dzinja, monga tonse taonera miyezi yapitayi, koma m'chilimwe, madimba akabereka, amachuluka mpaka kuolera pamsika. Pa nthaŵi imeneyo mgule wambiri, mumdule mopyapyala, muwaze mchere pang'ono ndi kumuyanika kufikira aume gwa. Motero dzinja limatumiza mfutso ku chilimwe, ndipo chilimwe chimatumiza tomato ku dzinja.

Zogula kumsika zitsukidwe bwino ndi madzi aukhondo, makamaka zodya zaziŵisi, ndiponso tomato amene amaoneka ndi ufa woyera wa mankhwala opopera. Sitinaiŵale mliri wa kolera umene unayamba m'chaka cha 2022 ndi kupitirira m'chaka cha 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kusamba m'manja ndi sopo tisanagwire chakudya ndi gawo la kuphika.

Pali chinthu chinanso chokhudza chikhristu chathu pamsika. Timaona anthu ovala bwino, amene m'sitolo yaikulu amalipira mtengo wolembedwa osatsutsa, akufika pa mai wogulitsa bonongwe ndi kunenerera mpaka maiyo atagonja. Mai ameneyo anadzuka tambala woyamba, nayenda mtunda wautali dengu lili pamutu ndi mwana kumbuyo, ndipo ndiwo zake zikafota madzulo watayika. Kunenerera si tchimo, koma kufinya wosauka chifukwa chakuti katundu wake sangagone ndi kusoŵa chifundo. Nawonso akhristu ogulitsa asaike tomato wabwino pamwamba ndi woola pansi pa mulu. Mulungu amene timampembedza Lamulungu amakhalanso pamsika Loŵeruka.

MAU KWA ABAMBO NDI KWA MIPINGO

Abambo, tikudziŵa kuti tsamba lino mumaliŵerenga, ngakhale ena mumayamba mwaona ngati palibe wokuonani. Ntchito imeneyi ikukukhudzani. Thandala loyanikapo likufuna mitengo ndi nkhwangwa. Kadimba ka kuseri kwa nyumba, kothiriridwa ndi madzi otsukira ndiwo ndi mpunga, kakufuna mpanda kuti mbuzi zisaloŵe. Pokolola mtedza, nyemba ndi soya, musagulitse zonse. Yambani mwapatula za pakhomo, ndipo mupatule zabwino. Koposa zonse, samalani mau anu pa mphasa yodyera. Bambo akakwinya nkhope poona chisoso, nafunsa ngati m'nyumba muno ndiwo zinatha, ana amamva, ndipo maŵa nawonso adzakana. M'buku la Danieli mutu 1 timamva za anyamata anai amene anapempha kuyesedwa masiku khumi akudya zomera za m'munda ndi kumwa madzi okha, ndipo pakutha pa masikuwo anaoneka athanzi kuposa anzao odya za patebulo la mfumu. Mwamuna sachepa chifukwa chodya masamba. Ndipo mwana wamng'ono akhale ndi kambale kakekake, kuti tione ndi maso kuti wadyadi ndiwo, pakuti m'mbale ya onse dzanja laling'ono limagonja.

Kwa amai a Chigwirizano tili ndi pempho. Mwezi wa Epulo usanathe, gulu lili lonse lipatule tsiku limodzi la kufutsa pamodzi. Itanani atsikana a m'kalasi ndi amai achitsikana amene angoloŵa kumene m'banja, ndipo achikulire awaonetse kusadzula, kufutsa ndi kumanga chikwatu. Zikwatu zina zisungidwe padera kuti zidzapite kwa okalamba, odwala ndi amasiye m'mwezi wa Okutobala, pamene kucheza ndi odwala kumavuta chifukwa chosoŵa chonyamula m'manja. Uzani atsikanawo kuti asunge mbeu za bonongwe ndi luni, pakuti mankhwala opha udzu amene afala m'minda sasiyanitsa udzu ndi ndiwo. Kupatsa nkuika, zimene muphunzitsa mtsikana lero mudzazidya kunyumba kwake mutakalamba.

Ambuye wathu atadyetsa khamu la anthu zikwi zisanu, analamula ophunzira ake kuti atole makombo, ndipo anadzaza madengu khumi ndi aŵiri, monga timaŵerengera pa Yohane mutu 6. Iye amene anali ndi mphamvu yochulukitsa mkate sanalole kuti zotsala zitayike. Ife amene tilibe mphamvu yomeretsa ngakhale tsamba limodzi la bonongwe, tingalole bwanji kuti ndiwo za dzinja lonse ziolere m'mizere, kenaka nkumadandaula kwa Iye m'chilimwe kuti watimana?

Mai uja wa chisoso tinamlonjeza kuti tidzabweranso m'mwezi wa Okutobala, ndipo tinampempha kuti asadzaphe nkhuku, koma adzatiphikire mfutso wa m'chikwatu chake, ndiponso kuti asadzapepese. Anavomera choyambacho, chachiŵiricho anati adzayesa. Mwezi wamaŵa, Ambuye akalola, tidzakamba za kasungidwe ka nyemba ndi khobwe kuti anankafumbwe asatilande. Pakali pano, mphasa ziyalidwe ndipo madzi aŵire. Mtendere wa Mulungu ukhale m'makomo mwanu nonse.